Buku la Mai Kanta ndi Zidindo za Che Amidu

Area 4,
Lilongwe.

Tawonga mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi iwe uli kwa azakhali ako ku Area 14 kokatsanzika. Ndakhala pakhonde, nsalu za sabata ino zikuuma pachingwe, ndipo bambo ako sanaweruke. Ndasankha kulemba chifukwa umandidziwa: pakamwa ndimayamba bwino, koma ndimathera kukalipa kapena kulira. Uwerenge lero lomwe, kenako uiike musutikesi kuti ukaiwerengenso ku India ukadzatisowa.

Ndiyambe ndi mawu amene sindinanene bwinobwino chibwerere kalata yokuitana kusukulu. Ndakunyadira, mwana wanga. Lamulungu lapitali abusa atalengeza kuti mwana wa a Gondwe akupita kunja kukaphunzira luso lojambula ndi kudinda nsalu, khosi langa linatalika pabenchi paja. Amayi omwe aja ankanena kuti ndikukuwononga ndi zautoto ndi amene anayamba kudzandigwira chanza. Ndinawalandira bwino, koma mumtima ndinkavina.

Za ku India sindikuzidziwa, ndipo sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Chimene ndili nacho chochuluka ndi zolakwa zanga. Ndizo ndikupatse ngati kamba wa paulendo.

Ukukumbukira mmene tinabwerera kuno. Boma litasamutsa ofesi ya bambo ako kuchoka ku Zomba, tinakwera lole pamodzi ndi mipando, ine nditakumbatira makina anga osokera njira yonse kuti asagwe. Tinapeza Lilongwe ali fumbi lokhalokha. Ku City Centre ankazula mitengo ndi kulambula misewu, nyumba zosanjikizana zikumera pamene panali tchire. Ku Zomba ndinali ndi anthu anga ondisoketsa, koma kuno sindinkadziwa aliyense. Ndinayenda sitolo ndi sitolo ku Area 1 kupempha khonde loikapo makina, mpaka Mai Kanta, mayi wachimwenye amene ankagulitsa nsalu ndi amuna awo pafupi ndi msika, anandilola.

Tsiku lina mvula inandithamangitsa pakhonde, ndinalowa m'sitolo. Pakauntala panali buku lalikulu lothothoka chikuto, atapsinjira mapepala kuti asauluke. Nditalitsegula ndinaiwala za mvula. Munali zithunzi za anthu akwawo akudinda nsalu ndi timatabwa tosema: maluwa ofiira, masamba opindika ngati kambewu ka mango, mizere yabuluu yoyenda ngati madzi. Mai Kanta anandiuza kuti agogo awo ankagwira ntchito imeneyo, ndipo bukulo anabwera nalo pasitima ali mkwatibwi. Anandibwereka. Pondipatsa anafunsa ngati Chingerezi cha m'bukumo ndingachimve, ine ndinati inde. Linali bodza. Ndinachita manyazi kuti mkazi wa kalaliki wa boma aoneke mbuli pamaso pa mwini sitolo.

Choncho ndinkangotsata zithunzi. Ndinapita kwa Che Amidu, kalipentala uja wokhoma zitseko kuseri kwa mzikiti, n'kuwafunsa ngati angaseme duwa lina pa kathabwa ka mlombwa. Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali, nanena kuti ayesa. Patapita masiku atatu anabweretsa chidindo chokongola kuposa cha m'buku. Ndinaphika makungwa ndi chikasu, ndinadinda, ndipo zinatuluka zoti munthu n'kuima panjira. Mkazi wa bwana wa bambo ako ataona anaitanitsa makatani a nyumba yawo yatsopano. Ndinakawapachika ndekha, ndikudzimva kuti ndafikapo. Patatha mwezi anawachapa chifukwa cha fumbi, ndipo utoto wonse unasukuluka n'kutsalira m'beseni, unadetsanso malaya oyera a bwanayo. Bambo ako ndi amene anapatsidwa makataniwo ku ofesi, anzawo akuona. Anabwera nawo atawakulunga m'nyuzipepala. Sanandikalipire. Anangowaika patebulo, ndipo tsiku limenelo sanadye.

M'mawa mwake ndinakaulula kwa Mai Kanta. Anatsegula masamba awiri opanda chithunzi, amene ine ndinkawadumpha nthawi zonse, ndipo pamenepo m'pamene analembapo za mankhwala oviikamo nsalu usanadinde kuti utoto ugwire. Anandiyang'ana n'kufunsa chabe kuti, "Nanga bwanji simunandifunse?" Tawonga, ukupita kumene anthu amalankhula mothamanga, ena m'zilankhulo zimene sunazimvepo. Ukapanda kumva, imika dzanja. Akakuseka, aseke. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndi makatani a mazenera asanu ndi limodzi. Funsa, mwana wanga, ngakhale kawiri.

Kuyambira pamenepo ndiwe unkandiwerengera ukaweruka kusukulu, chala chili pamzere, ukutembenuzira m'Chichewa mawu amene iwenso unali usanawamvepo. Ndiwe unapeza zoti utoto wakuda amaupanga ndi misomali yadzimbiri ndi shuga, zoviika m'ndowa kwa masabata. Ndowa ija inanunkha mpaka oyandikana nafe anaganiza kuti tafetsa galu kuseri kwa nyumba. Koma utoto wake sunasukuluke mpaka lero.

Cholakwa chachiwiri chimandiwawabe. Chakumapeto kwa buku kunali chithunzi cha munthu wamimba yaikulu, wamutu wa njovu, atakhala chopinda miyendo. Ine ndinangoona kuti n'chokongola ndiponso choseketsa. Ndinapita nacho kwa Che Amidu, iwo anakana. Anati maluwa ndi masamba asema mpaka dzanja litatopa, koma chinthu chankhope chipembedzo chawo sichilola, ndipo anandilangiza kuti ndiyambe ndafunsa eni ake. Ndinayesa ndi liuma chabe. Ndinatenga patapata wakale n'kudulapo chidindocho ndekha ndi lezala. Chinatuluka chokhota, koma chodziwika. Ndinachidinda pa nsalu zinayi zoyala pamipando, n'kupita nazo kwa Mai Kanta ngati mphatso yothokoza.

Atazifunyulula nkhope yawo inasintha. Anafunsa ntchito ya nsaluzo, ine ndinati n'zokhalira. Anazipinda pang'onopang'ono, anazikhudzitsa pamphumi, n'kulowa nazo kuchipinda chakumbuyo. Potuluka maso anali ofiira.

"Mai Gondwe, ameneyu ndi amene timamupempha tisanayambe ntchito iliyonse. Inu mungakhalire mtanda wa kutchalitchi kwanu?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Kwa masabata awiri ndinkasoka pakhonde lawo mutu uli pansi, iwo akundipatsa moni wapakamwa pokha. Anadzandikhululukira okha, pobweretsa tiyi wawo wa zonunkhira uja n'kukhala nane pabenchi, ndipo tsiku limenelo anayenda nane tsamba ndi tsamba, kundiuza chimene ndi duwa chabe ndi chimene chili ndi tanthauzo. Ukupita kwa eni zinthu zimenezi. Udzaona zojambula pamakoma, pazitseko, pansalu, ngakhale pansi pakhomo. Usathamangire kukopera chifukwa chakukongolera. Funsa kuti n'chandani, chimavalidwa liti, chimaikidwa pati. Chikhulupiriro chako usachisiye, pemphera monga tinakuphunzitsira, koma cha mnzako usachipondenso. Kwa eni umayenda mofatsa. Ndikubwerezanso, Tawonga: funsa.

Chachitatu ndinalakwira iweyo, ndipo sindinapepesepo. Uli Folomu 2 ndinatsegula buku lija n'kupeza m'mphepete mwa masamba muli zojambula za pensulo. Unajambula tsamba la fodya, ngayaye za chimanga, maluwa a nandolo, ndi mitengo yopingasa imene amisiri ankakwerapo pomanga nyumba za ku City Centre. Sindinaone kukongola kwake. Ndinangoona kuti wadetsa buku la eni. Ndinakumenya ndi lula yanga yoyezera nsalu, n'kukukhazika pansi kuti ufufute zonse. Unafufuta ukulira osatulutsa mawu, ndipo kwa miyezi ingapo sunagwirenso pensulo ine ndikuona.

Chaka chotsatira Mai Kanta anandiuza kuti atseka sitolo, akutsatira ana awo kunja. Ndinanyamula buku kukabweza. Akulitsegula komaliza anapeza tsamba limodzi limene unaliphonya pofufuta, pomwe panali tsamba la fodya lopindika mofanana ndi maluwa akwawo, koma mitsempha yake ili ya fodya weniweni wa kuno. Ndinayamba kupepesa. Iwo anandidula n'kufunsa amene anajambula. Nditatchula dzina lako anatseka bukulo n'kuliika m'manja mwanga. Anati agogo awo nawonso sankakopera za m'mabuku, ankajambula zimene zinkamera kuseri kwa nyumba yawo, ndipo buku limeneli lisakwerenso sitima chifukwa lapeza mwini wake.

Ndinabwera kunyumba n'kukupatsa, koma mawu akuti pepa sindinawanene. Ndinangoti ujambulenso zija. Lero ndikulemba: pepa, mwana wanga. Ndinamenya dzanja lomwe likukukweza ndege. Ndipo umve izi. Kumeneko akakuphunzitsa zambiri, uzitenge zonse ndi manja awiri. Koma usadzabwere kuno utasanduka wokopera. Maluwa awo amawajambula bwino okha kuposa mmene ungawajambulire iwe. Iwe uli ndi fodya, nandolo, mlatho wa Lilongwe ndi mzinda umene unauona ukumera. Nsalu ya mitengo ya amisiri ija ndi imene akazi a m'maofesi ankalimbirana, osati zimene ndinkakopera ine.

Tsopano za bambo ako. Ukudziwa kuti ankafuna ukaphunzire kutayipa, chifukwa maofesi atsopano ankasowa masekeletale ndipo ntchito inali yosachita kufunafuna. Ine m'malo mokambirana nawo ndinayamba kukunong'oneza kuti bambo ako sadziwa zokongola, amangodziwa mafayilo. Mafomu a sukulu ya ku India tinalemba mobisa, ndipo ndine ndinakuuza kuti tisawauze mpaka yankho litabwera. Anamva kwa mnzawo wa ofesi ina amene anaona dzina lako pamndandanda ndipo anabwera kudzawayamikira. Tangoganiza: bambo kuyamikiridwa za mwana wake, iye osadziwa kanthu.

Madzulo amenewo iwe unali kokayimba kwaya. Anafika, anakhala pampando osavula jekete, n'kutulutsa m'chikwama buku lina. Linali la nsalu za ku Japan, zomanga ndi ulusi n'kuviika mu utoto wabuluu, lija umalikonda chifukwa cha mmene amasiyira malo opanda kanthu pansalu. Ndinakuuza kuti ndinagula ndine. Ayi. Anagula bambo ako pamene mzungu wina woyeza misewu ankagulitsa katundu wake pobwerera kwawo, ndipo linakhala m'dilowa ya ku ofesi miyezi isanu chifukwa sankadziwa kuti akupatse bwanji atakana kale za luso lako nthawi zambiri.

"Amake Tawonga, ine sindinkadana ndi luso la mwanayu. Ndinkaopa kuti adzavutika. Koma inu mwandisandutsa mlendo m'nyumba mwanga."

Anandiuza kuti ndikupatse ine bukulo, popeza zinthu zabwino mwana wazolowera kulandira kwa mayi ake. Ndinalandira, ndipo ndinapitiriza bodzalo chifukwa linkandikomera. Bambo ako ndi munthu wa kumpoto, wakulira m'manja mwa amishoni, chikondi chake sachitulutsa pakamwa. Koma malaya a tsamba la fodya aja amawavala Loweruka lililonse, ndipo aliyense wowafunsa amamuuza kuti anajambula ndi mwana wawo. Uziwalembera kalata yawoyawo, osati kungowapatsa moni kumapeto kwa yanga. Ndipo ukadzakhala ndi banja lako, usadzakokere mwana mbali yako. Zimakoma poyamba, koma ndi kuba.

Zina ndi zazing'ono. Tsabola wawo uyambe pang'onopang'ono. Manja uzitsuka bwino ukachoka ku utoto, ena amawotcha khungu. Posankha anzako uyang'ane amene amafika msanga m'kalasi. Ukadwala unene, usabise ngati mayi ako. Ukasowa kwanu usachite nazo manyazi, lira, kenako udzuke ukagwire ntchito. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ndasiyira kumapeto nkhani imene ndinkaopa kuilemba. Wandifunsa kangapo chifukwa chake Che Amidu anasiya kutisemera zidindo, ine n'kumati atanganidwa ndi zitseko za nyumba zatsopano. Sizinali choncho. Zaka zinayi zapitazo kunali chionetsero cha ntchito zamanja ku City Centre, iwe uli kusukulu yogonera komweko. Anandipatsa tebulo, ndinayala nsalu zathu, ndipo pambali ndinaika zidindo khumi ndi ziwiri kuti anthu aone mmene timadindira. Che Amidu anandithandiza kunyamula katundu kuchokera ku Area 1, atavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu, ndipo anaima kumbuyo kwanga. Kunabwera akuluakulu a masuti ndi akazi awo. Mmodzi anatola chidindo cha ngayaye, anachitembenuza, nati sanaonepo kusema kosalala chotero, n'kufunsa amene anasema.

Ndinayankha kuti zonse ndi manja anga.

Sindikudziwa chimene chinandilowa. Mwina ndinaona kuti tsikulo ndi langa, nditavutika zaka zonse zija pakhonde la eni. Bwanayo anandigwira chanza, anthu anawomba m'manja. Nditacheuka, Che Amidu anali atapita. Sanabwerenso kwathu, ndipo ine ndinayamba kuzungulira njira ya kumsika kuti ndisadutse kuseri kwa mzikiti. Zaka zinayi, mwana wanga, ndikudinda ndi zidindo zawo tsiku ndi tsiku, ndikulambalala khomo lawo.

Lero m'mawa, iwe utatuluka, ndinatenga zojambula zako zotsala pa zimene unatumiza kusukulu zija n'kupita kwa Che Amidu. Ndinawapeza akupala chitseko. Akalamba, ndevu zayera, ndipo maso ayamba kuchita khungu moti poyeza thabwa amaliyandikiza kunkhope. Anandizindikira ndi mawu. Anayankha moni wanga, koma mpando sanandipatse, anapitiriza kupala. Ndinaima pakati pa zopalapala zija n'kunena zonse: kuti ndinanama, kuti zidindo zonse zinali zawo, kuti popanda iwo sindikanadinda ngakhale kansalu kopukutira thukuta, ndiponso kuti mwana amene ankamusemera masamba a fodya akunyamuka mawa.

Anaika pansi chopalira.

"Ine ndinamva tsiku lomwe lija, Mai Gondwe. Ndinkadikira kuti ndione ngati inunso munadzimva."

Kenako anakoka benchi ndi phazi kuti ndikhale. Sananene kuti zatha, ndipo sindinawakakamize. Anapempha zojambula zako. Anaziyang'ana chimodzichimodzi, pepala lili pafupi ndi mphuno. Pa chojambula cha mpendadzuwa anaima, anayendetsa chikhadabo patsinde, nati tsinde limeneli laonda kwambiri, papepala likukongola koma pathabwa lithyoka pa kudinda kwachitatu. Atafika pa chomaliza anazisonkhanitsa bwinobwino, anapukuta fumbi ndi mkono wa malaya, n'kundiuza kuti mwanayu watiposa tonse awiri. Anati ubwere mawa usanakwere basi, akuonetse mmene tchizulo yosemera imayendera pokhota, kuti usakachite manyazi kwa eni luso.

Ndiye mawa tidzuka msanga. Basi ya ku Blantyre, kumene ukakwerere ndege, inyamuka naini, ife tikhala tili kuseri kwa mzikiti seveni isanakwane. Bambo ako apempha kuchedwa ku ofesi, atiperekeza. Uvale chitenje pamwamba pa diresi, uwapatse moni utagwada, ndipo chilichonse akakuuze umvetsere ngakhale ukuganiza kuti ukuchidziwa kale.

Ukafika kumeneko adzakufunsa amene anakuphunzitsa, chifukwa ntchito yako siyooneka ngati ya wongoyamba. Usadzayankhe ngati mayi ako. Udzanene kuti Mai Kanta anapereka buku, Che Amidu anasema, bambo ako anagula buku lachiwiri. Ine udzanditchule pomaliza, ndipo udzangoti ndinkasakaniza utoto.

Mulungu akutsogolere, Tawonga. Pita ukaphunzire, ubwere udzatiphunzitse.

Ndine mayi ako,
Nabanda